Masiku a apongozi anga ndinawatsekera m'sutikesi

Masabata apitawa simunandimve pano. Ena mwadziwa kale chifukwa chake: ndinaika m'manda mwana wanga Yosefe. Za imfayo sindiyankhula lero, pakamwa sipanakonzeke. Ndiyankhula za funso limodzi lomwe linafunsidwa pakhonde panga Lolemba lapitali, funso lomwe ine ndi imvi zangazi sindinafunsepo munthu.

Tinkaswa mtedza ndi a Nabanda. Amenewa ndi anzanga a kumpingo, amagulitsa zitenje pa Santhe, ndipo zitenjezo amakapikula ku Chipata. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, panali mkazi wa Yosefe, apongozi anga a Natembo, atakhala pamphasa ndi duku lakuda kumutu. A Nabanda anawayang'ana, kenaka nkutsitsa mawu.

"Anaphiri, kodi amayiwa anawapatsa masiku angati?"

"Anawapatsa ndani?"

"A pachipata paja, ku Mchinji. Polowa m'dziko muno."

Ndinasiya mtedza. "Anabanda, mwadya chiyani lero? Mlendo tiyambe kumuwerengera masiku ngati nkhuku yofungatira mazira?"

"Inu musawerenge, palibe kanthu. Koma boma likuwerenga."

Ndikufotokozereni bwino kuti mumve pamene panagona nkhani.

Yosefe anapita ku Zambia ali mnyamata, kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Anakwatira komweko, kumudzi wina kupitirira Chipata, nkubereka ana awiri. Matenda atamukulira chaka chino, anati akufuna kwawo. A Natembo anasiya ana kwa amayi awo nkubwera naye. Anthu ambiri a m'malire amangodutsa m'tinjira ta m'tchire, inunso mukudziwa. Koma munthu wosayenda sungadutse naye m'tchire. Anadzera pachipata penipeni, pa galimoto, mutu wa mwana wanga uli pamiyendo pawo. Pachipatapo anawadindira chidindo m'pasipoti.

Atafika pakhomo pano, ndinachita zimene anandiphunzitsa amayi anga. Mlendo akafika umamulandira katundu, ndipo chilichonse chamtengo umamusungira iwe mwini nyumba, kuti agone tulo. Ndinatenga kabuku kawo kaja, ndinakakulunga m'kansalu, nkukaika pansi penipeni pa sutikesi yanga, pamodzi ndi khadi la kumpingo ndi nsalu yomwe ndinasunga kuti adzandifunditse tsiku langa. Kiyi ndinamangirira m'chiuno.

Yosefe anakhala nafe masabata awiri ndi masiku awiri. Kenaka anatisiya.

Tsono kwathu kuno mkazi akafedwa sangonyamuka. Amakhala kaye pamudzi pa malemu mpaka akulu atamusudzula. Kusudzula ndiko kumukhazika pansi pamaso pa abale ake, nkumuuza kuti mlandu ndi iwe tilibe, unamusamala mwana wathu, pita ndi mtendere. Amamuvula chakuda. Zisanachitike zimenezo sathira mchere m'ndiwo, sapita kumsika, sakwera galimoto. Ena a kumpingo amati zinatha izi, koma akafedwa iwowo mumawaona akuzisunga mwakachetechete.

Wosudzula pabanja pathu ndi alongo anga a Phiri, atsibweni ake a Yosefe. Iwo anali atanena kale kuti zichitika akagulitsa fodya, kuti pakhale mbuzi, ufa wokwanira, ndi thiransipoti ya abale a ku Zambia. Tonse tinavomera. Ndani akanatsutsa? Ndi mmene timachitira.

M'masiku amenewo a Natembo anandifunsa katatu. Ndikukumbukira bwino, chifukwa katatu konseko ndinapsa mtima.

"Amayi, kabuku kanga kaja kalipo?"

Koyamba ndinati kalipo. Kachiwiri ndinati kalipo, sikamera miyendo. Kachitatu ndinawayankha mawu amene mpaka lero akundiwawa: "Apongozi, muno mulibe mbava."

Anangoweramitsa mutu. Sanafunsenso.

Ndiye Lolembalo a Nabanda anaumirira mpaka ndinamasula kiyi. Tinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kabuku. Ine zolembedwa sindiziwerenga, ngakhale mawu mukuwerengawa amachita kundilembera. Ndinangoona chidindo chofiirira ndi timizere ta cholembera pambali pake. A Nabanda anayang'ana, anawerenga zala, nkuwerenganso.

"Masiku makumi atatu. Akutha Lachinayi."

"Lachinayi liti?"

"Lomwe lino, Anaphiri. Mawa, mkuja, tsiku linalo basi."

"Akatha chimachitika nchiyani? Munthu amasanduka chiyani?"

Anandifotokozera mmene amadziwira iwo oyendayenda. Ukapyola masiku, potuluka amakulipiritsa chindapusa, ndipo dzina lako limaipa, mwina tsiku lina ukabwera akhoza kukubweza pachipata. Anati munthu akhoza kupita ku ofesi kutauni kukapempha masiku ena, koma azipita oyambawo asanathe.

Apite bwanji kutauni munthu wosasudzulidwa?

Ndinatuluka ndi kabuku m'manja nkukakhala pamphasa pa a Natembo. Chifikireni ndinali ndisanakhalepo nawo mphasa imodzi.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, amayi."

"Nanga bwanji osanena?"

Anapotokola nsonga ya chitenje. "Ndikananena kuti chiyani? Dothi la pamanda lisanaume, ine ndiziti masiku anga atha, ndikufuna kwathu? Anthu akanati mkaziyu anali naye kale wina ku Zambia. Ena akanati akuthawa chifukwa akudziwa chimene chadya mwamuna."

"Ndiye munaganiza zotani?"

"Ndinati angopyola. Zikadzavuta ndidzaona konko."

"Akadzakutsekerani njira?"

Anayang'ana kumene kuli manda.

Owerenga anga, taganizani. Akazi awiri, nyumba imodzi, maliro amodzi. Wina sangafunse chifukwa cha ulemu. Wina sanganene chifukwa cha ulemu. Ndipo masiku ali m'sutikesi, akutha limodzilimodzi ngati chimanga chofumbwa m'nkhokwe, kunja kukuoneka bwinobwino.

Ife tinaleredwa kuti mlendo safunsidwa tsiku lopita. Mwana akafunsa kuti kodi azakhali apita liti, amalandira khofi, ndipo mayi ake amapepesa mpaka madzulo. Akulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tanthauzo lake nkuti musamalire lero, usadandaule za ufa, apita yekha. Ine ndasungapo mlendo anabwera kudzaona wodwala nkukhala mpaka tinakolola. Sindinamufunse. Anapita tsiku lomwe mtima wake unamuuza.

Koma boma silinaleredwe ndi amayi anga. Ilo funso lomwe ife timaliopa ndi lomwe limayambira: mwabwera kudzatani, mukhala masiku angati? Munthu asanamwe ndi madzi omwe.

Kodi ndiliimbe mlandu? Ndalingalira sabata yonseyi, ndipo ndapeza kuti sindingathe. Ngakhale ine pakhomo panga ndimafuna kudziwa amene wagona m'nyumba mwanga. Dziko ndi nyumba yaikulu, khomo lake liyenera kukhala ndi woyang'anira. Munthu wa pachipata uja sanalakwe. Anapereka masiku, anawalemba poyera, mwini wake anawaona. Amene anawatsekera mumdima ndi ine.

Chimene chimandipweteka ndi china. A Natembo ndi mlendo wa ndani? Chiyankhulo chawo ndi changa chomwechi, kungosiyana kakomedwe ka mawu. Kwawo kuli a Phiri, a Banda, a Mwale, ngati kuno. Nyimbo zomwe anaimba pamaliro ndi zomwe ndinaimba pamaliro a amayi anga. Magazi anga ali m'ana awo awiri. Kwa ine ndi mwana wa pakhomo. Kwa kabuku kaja ndi mlendo wa masiku makumi atatu. Zonse ziwiri nzoona, ndipo munthu wa m'malire ayenera kusenza zonse ziwiri pamutu umodzi.

Lachiwiri m'mawa ndinapita kwa alongo anga. Ndinawapeza m'chigafa, akutsitsa fodya pamikangala nkumasankha, wofiira uku, wowala uku. Fodya wouma amasankhidwa m'mawa kukadali chinyontho, apo ayi amafumbutuka m'manja, ndiye munthu ukamupeza pa ntchito imeneyi sakuyang'ana kumaso.

"Alongo, ndabwera ndi nkhani ya mkazi wa Yosefe."

"Wadwala?"

"Ayi. Masiku ake a boma akutha mkuja."

"Masiku a boma." Anayala tsamba pabondo nkulisalaza. "Boma ndi lomwe linakwatira mkazi ameneyu? Linalipo pamene tinkakumba manda?"

"Silinalipo. Koma lili pachipata."

"Anaphiri, taonani m'chigafa muno. Belo ngakhale limodzi sindinadinde. Ndisudzula ndi chiyani? Abale ake achoke ku Zambia adzadye mphepo? Mawa anthu aziti a Phiri anathamangitsa namfedwa ngati galu woba mazira. Manyazi amenewo musenza ndinu?"

"Ndisenza."

"Mutu wake uti? Womwe unatsekera kabuku m'sutikesiwo?"

Nkhani inali itawafika kale. Pamudzi palibe chinsinsi, makamaka a Nabanda akakhalapo.

Ndinakhala pa chitsa. Sindine munthu wokangana ndi alongo anga, anandilera ndi iwo bambo atamwalira. Koma tsiku limenelo ndinayankhula.

"Alongo, inu pasipoti muli nayo?"

"Ya chiyani? Ndikupita kuti?"

"Inenso ndilibe. Tsono mkazi uja akanati mwamuna wanga afere konkuno, aikidwe kwathu, inu ndi ine tikanapita bwanji? Tikanamva pa foni kuti Yosefe wayikidwa. Anamubweretsa yekha, pamiyendo. Anadzera pakhomo loyenera, sanazembe. Lero tikufuna khomo lomwelo limutsekere chifukwa cha mbuzi?"

Anatenga tsamba lina, ine nkupitiriza.

"Chaka chamawa timanga chiliza. Ana a Yosefe adzabwera ndi ndani kudzaona pamene pagona bambo awo? Adzabwera okha? Wamkuluyo ali sitandade fili."

Anapitiriza kusankha fodya, masamba akulira m'manja mwawo. Kenaka anati:

"Mawa. Koma mbuzi palibe. Tambala wanga uja ndi amene afere boma."

"Zikomo, alongo."

"Musandithokoze. Mukauze a Nabanda abwere ndi foni yawo ija, ikhale ndi moto. Sindisudzula munthu abale ake osamva."

Pobwerera ndinkaganiza za ana athu a ku Joni. Mudzi uno ulipo ndi angati kumeneko? Ambiri analowa ndi masiku owerengeka ngati a Natembo, masikuwo anatha kalekale, ndipo tsopano akuopa kutuluka chifukwa sadzalowanso. Mayi akamwalira amatumiza ndalama ya bokosi, nkumaonera maliro pa foni. Ife timawanena kuti anaiwala kwawo. Koma pamene ankanyamuka, ndani wa ife anawafunsa kuti akupatsani masiku angati, akatha mudzatani? Tinangowapempherera nkuwapatsa mtedza wokazinga. Timaopa kufunsa za masiku ngati kuti kufunsako ndiko kuwathetsa.

Ndipo si ana a ku Joni okha. Kuno kumabwera azibusa a kunja, ogula mbewu, akamwini a ku Mozambique, azakhali a ku Lundazi. Timawakakamiza: khalani kaye, mudye chimanga chachiwisi, mudikire ukwati wa uje. Iwo mwaulemu amakhala. Sitidziwa kuti m'thumba mwawo muli kabuku kamene sikamva za chimanga chachiwisi. Timati tikuwakonda, pamene tikuwakumbira dzenje ndi manja awiri.

Lachitatu tinasonkhana pabwalo la nyumba yanga. Anthu anali ochepa, osakwana ndi mphasa zitatu. Abale a ku Zambia sakanatha kufika pa tsiku limodzi. A Nabanda anaimba foni kwa atsibweni a a Natembo, nkuyiika m'mbale yoyera pakati pa mphasa, pamalo pamene akanakhala munthuyo. Alongo anga anavula chipewa, anagwada pang'ono, nkuyamba kuyankhula ndi mbale.

"Atembo, mukundimva? Ndine Phiri, mwini mbumba kuno. Pepani kuti tikuyankhulana chonchi ngati anthu osaleredwa."

Mawu anatuluka m'mbalemo, akudukaduka: "Tikumva, a Phiri. Yankhulani."

"Mwana wanu anatisamalira mwana wathu mpaka tsiku lomaliza. Mlandu ndi iye tilibe. Mawu oipa pa iye tilibe. Tikumumasula. Akafuna kukwatiwa, akwatiwe. Akafuna kubwera, pano ndi pake."

Kumeneko kunamveka kuwomba m'manja, kenaka mayi wina akulira chapatali. Anali amayi awo a Natembo.

Ine ndi amene ndinamasula duku lakuda kumutu kwa a Natembo. Ndinawaveka langa la maluwa obiriwira, lomwe Yosefe ananditumizira chaka china. Mkulu wa mpingo anapemphera. Tambala uja ataphikidwa, ndinatenga mchere nkuwapatsa a Natembo m'manja kuti athire okha. Anathira wambiri. Alongo anga atalawa anati, "Apongozi, mwabweza ndi wa masabata onse aja," ndipo anthu anaseka koyamba chichitikireni maliro.

Sindikunamizani kuti zinali zokwanira. Sizinali. Mwana wanga anayenera mwambo wodzaza bwalo, abale a mbali zonse atakhala maso ndi maso. Alipo ena pamudzi pano akunena kale kuti tinachita mothamanga, kuti Anaphiri anatopa naye mpongozi. Ndawamva pachitsime. Ndinalonjeza kuti manyaziwo ndisenza, ndipo ndikusenza. Chikhala kuti ndinafunsa tsiku loyamba, kapena kuti ndinamva pamene anandifunsa katatu, tikanakhala ndi masabata okonzekera. Abale akanabwera. Mwina tikanapeza ndi njira yopempha masiku ena. Ulemu wanga ndi umene unatidyera zonsezo.

Ndipo ndinkafuna a Natembo akhale. Ndinene zoona. Munthu yekhayo amene ankadziwa mmene Yosefe ankasekera ali bambo wa ana, zimene ankakonda kudya, zimene ananena m'galimoto muja, anali iwo. Ndinali ndisanawafunse ndi theka lomwe. Koma womasulidwa amaperekezedwa, ndipo ana anali akudikira.

Lachinayi kutacha tinawaperekeza pa Santhe, ine ndi a Nabanda. Minibasi ya ku Mchinji inali ikudzaza. Ndinamasula kansalu kaja nkuwapatsa kabuku kawo ndi manja awiri.

"Apongozi, mawu aja ndinanena, a mbava aja."

"Anapita ndi mphepo, amayi."

"Mubwera liti?"

"Pa chiliza. Ndibwera ndi ana."

"Mukadzafika, musanakhale pansi, musanamwe madzi, mudzandiuze masiku amene akupatsani."

Anandiyang'ana. "Simudzakhumudwa?"

"Ndidzakhumudwa. Mudzanenebe."

Madzulo ake a Natembo anaimba kwa a Nabanda kuti adutsa bwino, chidindo chotulukira adinda tsiku lake lisanathe.

M'sutikesi muja, pamalo pamene panali kabuku, ndaikapo kambale kakang'ono. Akadzabwera ndi kunditchulira masiku, ndidzawerenga njere za chimanga zokwana masikuwo nkuika m'kambalemo, ndipo m'mawa uliwonse ndizidzachotsa imodzi. Kambaleko sikadzakhala m'sutikesi. Kadzakhala pawindo, poonekera aliyense, ngakhale alongo anga. Amayi anga akanaona akanati mwana wanga wasanduka wamwano, akuwerengera alendo masiku. Mwina akananena zoona. Koma amayi anga sanakhale ndi zidzukulu kutsidya kwa chipata.

Nanga inu, mlendo wa kutali amene wagona kwanu sabata ino, mwamuphera nkhuku, mwamuyalira bulangete latsopano, mwamusungira ndi chikwama chomwe. Mwamufunsa masiku ake? Mwano weniweni ndi uti: kumufunsa tsiku lopita, kapena kumukonda mwakachetechete mpaka njira yobwerera kwa inu itatsekeka?